Abale Anga a M'chipanda

Ndikukumbukira chaka chimene tinawoloka mtsinje wa Muloza, nkhondo ya Ajeremani isanamveke n'komwe. Adzukulu akandifunsa kuti ndinali ndi zaka zingati ndimangowaseka, chifukwa kwathu munthu sankawerenga zaka. Chimene ndikudziwa n'chakuti mano apatsogolo anali atangochoka, ndipo mtsuko wa madzi ndinkausenza wosadzaza. Pofika kuno tinali anthu anayi: abambo, amayi, mlongo wanga Mulipa ndi ine. Ponyamuka kwathu, kuseri kwa phiri, tinali asanu.

Wachisanuyo anali khanda la amayi, kamwana kakamuna kamene kanali kasanapatsidwe dzina. Tinkathawa masipayi, asilikali a Apwitikizi amene ankagwira amuna kuti akawagwirire ntchito yaulere, n'kumawamenya m'manja ndi thabwa lija la mbalamatodya mpaka zikhatho kutupa. Tinkayenda m'tchire, njira tikuilambalala. Khandalo linayamba kutsokomola panjira, kenaka linasiya kuyamwa, ndipo linatisiya titatsala pang'ono kufika pamtsinje. Amayi ndi mayi wina wa paulendo womwewo analikwirira patsinde pa msuku, pokumba ndi mtengo. Amayi atatsegula pakamwa kuti alire, abambo anawatseka ndi dzanja, chifukwa mawu a masipayi ankamveka kutsidya kwa khwawa. Maliro amenewo sanaliridwe.

Tsidya lino tinafikira pamalo a mzungu wina amene ankagwetsa nkhalango n'kumabzala tiyi cha ku Limbuli. Kapitawo wake anatilozera pomanga, kumapeto kwenikweni kwa nyumba za anthu, nanena kuti mwini malo amafuna thangata, kutanthauza kuti abambo azikagwira ntchito kumunda wa mzunguyo popanda kuwiringula. Abambo anavomera mawu asanathe n'komwe. Nanga akanatani? Anaimika kanyumba ka mitengo ndi udzu, kamene mphepo inkalowa uku n'kutulukira uko. Eni dera ankatitchula Anguru, ndipo ana awo ankatiseka kuti timadya nkhono ndi njoka. Za nkhonozo sankanama ayi, ndipo ndikuuzeni, amene ankatisekawo sankadziwa chimene ankasemphana nacho.

Amayi anafika kuno ndi thupi lokha. Ankakhala pakhomo n'kumayang'ana kum'mawa kumene tinachokera, osayankhula, osasinja, osasesa. Chakudya ankangochilawa n'kuchikankhira kumbali. Phukusi limene anasenza kuchokera kwathu linali pakona, lomanga momwe analimangira tsiku lonyamuka, ndipo ukalikhudza ankakuyang'ana ndi diso loti sudzayambiranso. Mkaka wokha ndiwo sunamve kuti mwana kulibe. Mabere anatupa, chiwondo chimene ankavala, nsalu ija ya khungwa la mtengo, chinkanyowa pachifuwa n'kumanunkha chisasu, ndipo ntchentche sizinkawasiya. Ululu ukakula ankapita kuseri kwa nyumba kukafinyira mkakawo pansi, akukukuta mano.

Choopsa chinali kuyenda kwawo. Ankangodzuka mwadzidzidzi, ngati wina wawaitana, n'kuyamba njira yakumtsinje. Tsiku lina abambo anakawapeza atafika kale m'bango, madzi ali m'maondo. Aliyense ankadziwa zimene masipayi ankachita ndi akazi a anthu othawa: ankawatsekera mpaka mwamuna atabwera yekha kudzadzipereka. Amayi akanawoloka, bwenzi titataya onse awiri. Madzulo a tsiku limenelo abambo anandigwira paphewa, dzanja lawo likununkha utsi wa mitengo yowotcha, nandiyankhula m'Chilomwe chathu.

"Mwanaka, ine ndimapita kwa mzungu, Mulipa amakazula udzu m'mbande. Iwe ntchito yako ndi imodzi. Amako asachoke pamaso pako."

Anasankha munthu wolakwika, koma wina panalibe. Ine ndinali mwana woyabwa miyendo, ndipo mpaka lero adzukulu amandidandaula kuti sindikhala pansi. Kundikhazika pakhomo tsiku lonse kunali kundipha. Anzanga ankadutsa kupita kukasamba, ine ndili pompo. Ndikafuna kukadzithandiza ndinkapita chothamanga, khosi litapotokera kumbuyo. Kumadzi ndinkapita mbandakucha abambo asananyamuke. Amayi akangosuntha mwendo, ine ndinkadumpha n'kuimirira. Ndinkazungulira kanyumbako, kutola timiyala, kutitaya, kukanda pansi ndi chala, kuimba, kusiya. Nthawi zina ndinkawakwiyira amayi mpaka kufuna kuwatsina kuti mwina angandikalipire, koma n'kukalipa komwe anali atakuiwala.

Inali nyengo ya chiperoni, anthu atakolola. Amene anakulira m'munsi mwa phirili akudziwa: kamvula kosatha kaja, mtambo utatsika mpaka pamutu, kuzizira kolowa m'mafupa. Lamulungu lina kutacha bwino, Mulipa anatenga khasu kupita kukakumba mbewa m'minda yokolola, chifukwa ndiwo zinali zitativuta. Anabwera masana, maondo ali dothi lokhalokha, akapuku onenepa atawamanga michira. Kudzanja linalo anali ndi funkha, kachisa ka udzu kamene mbewa imaswera pansi pa una. Anandiponyera pamiyendo.

"Kapatse nkhuku za eni, mwina angatikonde," anatero.

Nditatsegula udzuwo ndinapeza tiana tisanu, tofiira, maso otseka, ubweya ukungoyamba kumera pamsana. Tinali tofunda, ndipo timakamwa take tinkangoyasamula kufunafuna bere. Make anali m'gulu la zomangidwa michira zija. Kunkhuku sindinapite. Ndinatola chipanda chong'aluka kuseri, ndinaikamo funkhalo, n'kuchibisa m'kansanza kamene ndinkafunda.

Muyenera kumvetsa, anzanga, kuti masiku amenewo chinthu chotere kunalibe. Mbewa yakutchire inali ndiwo, khoswe wam'nyumba anali mdani, basi. Galu ankasungidwa kuti azisaka, nkhuku kuti idzaphedwe, mphaka kuti azigwira makoswe. Kusunga chamoyo chongochiyang'ana chinali chinthu chopanda dzina. Ndipo munthu wosunga mbewa m'nyumba ankadziwika chimene ali: wokawa, mfiti yotuma tizilombo kukatuta chimanga m'nkhokwe za anzake. Ife tinali alendo odya nkhono, omanga kumapeto. Zimenezi ndinkazidziwa ngakhale ndinali wamng'ono, koma manja anga anali atapeza chochita ndipo sanafune kumva.

Kulera kwanga kunali kwa manyazi. Ndinayesa phala la mapira pakaudzu, linangomata timphuno. Ndinatafuna makaka, chinangwa chouma chija, n'kuyesa kulavulira m'kamwa mwake, osatheka. Ndinayesa madzi. Pasanapite nthawi timbewa titatu tinauma, ndipo ndinatitaya kutchire ndikulira ndi mkwiyo. Tiwiri totsalato tinkalira kamawu kakang'ono kosalekeza, tswii tswii, ndipo ine ndinkatsokomola dala kuti amayi asamve. Diso limodzi linali pachipanda, lina pa amayi, moti ndinkachita ngati ndipenga.

"Chikulira n'chiyani?"

Ndinatembenuka kufuna amene wayankhula, chifukwa mawu a amayi ndinali nditawaiwala. Anali atatambasula dzanja. Ndinawapatsa chipandacho ndikudziwa kuti achiponya pamoto. Anasuzumiramo nthawi yaitali. Kenaka anatulutsa kamodzi, anakagoneka pachikhatho, n'kukasisita pamimba ndi chala.

"Njala," anatero. "Ndiwe chitsiru. Khanda amalipatsa phala?"

Sindinakondwerepo ndi kutukwanidwa ngati tsiku limenelo. Anandituma kukatola chigoba cha nkhono padzala, ndinachitsuka, ndipo iwo anatembenukira kukhoma n'kufinyiramo mkaka wawo. Anathyola kaudzu kofewa, anakanyowetsa m'chigobamo, n'kudonthezera pakamwa pa kambewako. Kanapukusa mutu, kanatsamwa, kenaka kanagwira kaudzuko ndi timanja take n'kuyamba kuyamwa. Tinakayang'anitsitsa tonse awiri, mitu itagundana, mpaka kamimba kake kanayera ndi mkaka umene unkaonekera pakhungu.

Kuyambira pamenepo pakhomo pathu panakhala ntchito. Mwana wa mbewa sachedwa kumva njala, ukangomaliza uyu winayo wayamba. Amayi ankatipukuta timimba ndi chala chonyowa, ati make amatero ndi lilime, apo ayi mimba imatupa. Kukazizira ankachotsa funkha m'chipanda n'kuliika pachifuwa, m'kati mwa chiwondo. Anayamba kundituma: sonkheza moto, sintha udzu, bwera nacho chigoba, fulumira. Tsiku lina ndinawauza kuti akapanda kudya mkaka uuma, ndipo anandiyang'ana, n'kukoka mbale ya nandolo n'kuimaliza yonse. Kum'mawa ankayang'anabe, koma tsopano panali chowabweza. Phukusi lokha ndilo linali pomwe paja, lomanga.

Abambo anatulukira msanga, nanga kanyumba kamodzi ungabisemo chiyani? Anaima pakhomo, khasu lili paphewa, akuona mkazi wawo akuyamwitsa mbewa ndi kaudzu. Nkhope yawo inachita mdima. Ndinamva akuuza Mulipa panja kuti anthu akaziona atipirikitsa ngati agalu, ndipo tilibe kwina kopita. Koma atalowanso anaona mbale yopanda kanthu pafupi ndi amayi. Anaitola, anaitembenuza, anaiikanso pansi. Kuyambira tsiku limenelo abambo anasanduka akhungu, ankalowa m'nyumba akuyang'ana kudenga ngati akufuna podontha.

Mulipa yekha ndiye ankandisowetsa mtendere. Iye ankaona ndiwo zikukula. Ankasuzumira m'chipanda n'kumeza malovu mokweza dala, n'kumati, "Zinenepe bwino, mlongo, mchere ndapeza kale." Ndinkamuthamangitsa ndi chikuni, iye akuseka. Koma sindinkadziwa ngati ankangondiputa, chifukwa njala ya mnyamata ameneyo inalibe chibale.

Nyumba yoyandikana nafe, kutsidya kwa kanjira, inali ya Che Bwanali, Myao wogulitsa mchere, amene nthawi zambiri ankakhala ali paulendo. Mkazi wake, Abiti Sumani, anali mayi wamtali, wa chipini pamphuno, waukhondo woopsa. Iwo pokhala Asilamu mbewa sankadya, ndipo Mulipa akamawamba zake Abiti ankadutsa atatseka mphuno ndi nsalu. Moni ankatipatsa, koma wapatali. Tsiku lina m'mawa moto unawazimira, ndipo anabwera kudzapala kwathu. Anaodira kamodzi n'kuweramira pakhomo ine ndisanabise kanthu. Amayi anali ndi chigoba kudzanja ili, kambewa kudzanja linalo, bere lili pamtunda.

Abiti anabwerera m'mbuyo mpaka phale lopalira moto linagwa. Ndinaona kuti kwatha. Ndinawathamangira, ndinagwira nsalu yawo ndi manja anga akuda, n'kuyamba kulongolola m'Chinyanja changa chothyokathyoka. Ndinanena zonse: za khanda, za msuku, za dzanja la abambo pakamwa pa amayi, za madzi a m'maondo. Ndinalumbira kuti sitikawa, kuti timbewato ngakhale kuyenda sititha. Abiti anachotsa dzanja langa pansalu yawo chala chimodzichimodzi, koma sanachoke. Anayang'ana amayi, amene sanasiye kudonthezera mkaka ngati panalibe munthu.

"Mkakawo ndi wawo?" anandifunsa.

Ndinavomera ndi mutu. Mulipa, amene anali asananyamuke, anaseka pakona n'kunena kuti n'chifukwa chake zidzakome. Abiti anamutembenukira.

"Iwe mnyamata, unayamwa bere liti?"

"Lomwelo."

"Kwathu ku Chisilamu, amene ayamwa bere limodzi ndi pachibale, ngakhale wina achokere kutali. Sakwatirana, sachitirana chipongwe. Zonyansazi ndi azing'ono ako. Udye ndikuone."

Anatola phale lawo, anapala moto okha, n'kumapita akulavula m'njira. Tsiku lonse ndinadikira kuti anthu abwera ndi zibonga, ndinkangotuluka ndi kulowa. Sikunabwere munthu. Madzulo tinapeza kamchere kokulunga m'tsamba pamwala wa pakhomo. Mulipa sananenenso za mchere wake uja, ndipo ndinamugwira tsiku lina akuponyera m'chipanda timbewu ta mapira, nkhope ataikwinya ngati wakakamizidwa.

Timbewato tinatsegula maso, takuda ngati mikanda. Kamodzi kanali kolongolola ndi kothamanga, kankakwera mkono wanga mpaka kukabisala kuseri kwa khutu, tindevu take tikundigirigisha. Ndinkati kameneka katengera ine. Kanzake kanali kofooka, kopuma mofulumira, ndipo ndi kamene amayi ankakakonda. Ndinafuna kuti titche mayina, koma amayi anakana kwamtuwagalu, ati dzina silifulumira. Ine kukula kwa timbewato sikunandisangalatse. Kothamanga kaja katayamba kukukuta mapira, ndinaona kuti posachedwa chigoba chikhala chopanda ntchito. Nanga pamenepo amayi adzawagwira ndani? Tulo tinkandivuta, chakudya chinkandikanika, ndipo ndinkapempha mumtima kuti tiana timeneti tisakule.

Sikunali kukula kumene kunatipeza. M'mawa wina, abambo ndi Mulipa atapita, ndinatuluka kukataya phulusa, ndipo pobwera ndinapeza amayi ataimirira pakati pa nyumba. Kofooka kaja kanali pachikhatho chawo, miyendo itaumira m'mwamba. Sanandiyang'ane. Anang'amba kansanza kuchiwondo chawo, anakakulunga, anawerama potuluka pakhomo, n'kuyamba njira yakumtsinje.

Ndinawagwira mkono, anandikoka ngati sakundimva kulemera. Ndinawatsekera kutsogolo, anandilambalala. Abambo anali kutali kuseri kwa nkhalango, ndipo ndikanati ndikawaitane, pobwera tikanapeza amayi atawoloka. Ndinakuwa dzina la Abiti mpaka kukhosi kuwawa, ndikuyenda chobwerera m'mbuyo patsogolo pa amayi. Kamvula kanali kakuwaza, udzu unkandicheka miyendo, ndipo phokoso la Muloza linayamba kumveka. Ndinamva mapazi kumbuyo: anali Abiti, akuthamanga atagwira nsalu m'maondo, ufa uli m'manja.

Tisanafike m'bango panali msuku, mtengo wamba ngati ina yonse ya m'deralo. Amayi anaima pamenepo. Anayang'ana kutsidya, anayang'ana mtengowo. Kenaka anagwada n'kuyamba kukumba patsinde ndi zala. Dothi linali lofewa ndi chiperoni. Anagoneka kansanzako m'kadzenjemo, mutu kuloza kwathu, anakwirira, n'kusalaza pamwamba ndi chikhatho monga amasisitira mwana kumsana. Atatha anakweza maso kwa ine.

"Kuno kuli masipayi?"

"Kulibe, amayi."

Anayang'ana Abiti ngati sakundikhulupirira. Abiti anagwada pambali pawo, wefuwefu.

"Lirani, mayi. Kuno palibe akutsekeni pakamwa."

Kulira kumeneko sindinakumvenso kwina moyo wanga wonse. Kunayamba pansi, ngati munthu akubuula ndi katundu, kenaka kunakwera mpaka mbalame zinabalalika mumsukumo. Ankalira m'Chilomwe, akuitana mwana wopanda dzina, akumuuza kuti anamusiya yekha pamvula, kuti mkaka wake ulipo, kuti awakhululukire. Ankadzigwetsa pansi, Abiti akuwagwira m'chiuno. Kenaka nanenso ndinayamba kulira, chifukwa mwanayo ndinkamubereka kumsana ndipo panalibe anandifunsapo ngati ndikumusowa.

Kulira kwa maliro kumaitana anthu. Azimayi amene ankathyola nandolo m'minda yapafupi anasiya madengu n'kubwera, ena ndi ana kumsana, omwe aja ankatitchula Anguru. Mantha anandigwiranso. Kamtumbira kanali poonekera, kakang'ono ngati chikhatho, dothi lake lofiira, ndipo wina akanangofukula ndi chala chakuphazi, bwenzi nkhani itatha: Mnguru akulira mbewa imene ankaiyamwitsa. Abiti naye anaziona. Mayi amene ankatseka mphuno podutsa utsi wa mbewa anasuntha, anayala nsalu yawo yoyera bwino, n'kukhala pamtumbirapo.

"Wamwalira ndani?" anafunsa mayi wina wachikulire.

"Mwana wawo," anatero Abiti. "Anatsala panjira, sanamulire."

Palibe anafunsanso. Nanga ndi mayi uti masiku amenewo amene analibe wake wotsala penapake? Anakhala pansi pa udzu wonyowa mozungulira amayi n'kulandira maliro, wina m'Chimang'anja, wina m'Chiyao, aliyense akutchula wake. Tinakhala pamenepo mpaka dzuwa linapendeka. Abiti sanasunthe ngakhale pang'ono, ndipo anadzuka pomalizira, onse atatembenuka. Titabwerera anapita kumadzi, ndipo ndikukuuzani, mayi ameneyo anasamba tsiku limenelo mpaka ndinkaganiza kuti khungu lisupuka.

Abambo pobwera kuthangata anapeza pakhomo pali anthu. Wina anali atabweretsa nkhuni, wina ufa m'kansengwa, wina masamba a chinangwa osinjasinja. Amayi anali gone m'nyumba, tulo tofa nato, koyamba chiwolokereni. Abambo atamva zimene zinachitika anakhala pamwala n'kuyang'ana dzanja lawo lamanja, kulitembenuza uku ndi uku.

Kutacha ndinathamangira kuchipanda, chifukwa m'chipwirikiti chija ndinali nditaiwala kothamanga kaja. Munalibe. Kanali katakukuta pong'aluka paja n'kukuza bowo, m'katimo mutangotsala udzu ndi makoko a mapira. Ndinagwetsa mitsuko, ndinafukula mphasa, ndinasuzumira m'denga, ndikuitana ndi milomo monga ndinkachitira. Tonse tiwiri tapita, ndiye chatsala n'chiyani chowagwira amayi? Ndinatembenuka kuti ndione ngati adzuka, ndipo ndinawapeza atakhala tsonga akundiyang'ana, maso otupa.

"Kasiye," anatero. "Kakula. Kali ndi kwawo."

Anakwawira pakona n'kukoka phukusi lija. Ndinaima pakhomo n'kutambasula manja, wokonzeka kulimbana nawo. Iwo analiika pamiyendo n'kuyamba kumasula mfundo, imene inali italimba moti anachita kuiluma ndi mano. Munali mpeni wawo, chipande, mbewu ya nandolo ndi ya kalongonda m'timatumba ta chiwondo, ndi kamkuzi kamene anapotera khanda lija koma sanalimange. Kamkuziko anakapachika kudenga. Mbewuzo anazithira m'lichero n'kundipatsa.

"Kayanike, zachita chinyezi. Ukatero ukafunse kwa Abiti kumene amatapa dothi lozirira. Nyumba ino ikuchititsa manyazi."

Ndinatuluka ndi lichero lija. Nditayanika ndinathamanga kupita kwa Abiti, ndipo ndili pakati pa kanjira ndinazindikira kuti ndikuthamanga osayang'ana kumbuyo.

Zinthu zasintha, anzanga. Nkhalango imene abambo ankagwetsa ndi tiyi yekhayekha mpaka m'munsi mwa phiri, thangata anatha, ndipo adzukulu anga Chilomwe amachimva ngati chiyankhulo cha mbalame. Msuku uja anadula kalekale. Mdzukulu wanga wina amagwira ntchito yophika kwa azungu m'tauni, ndipo atabwera ulendo wapitawu anatiuza kuti ana a bwana wake amasunga mbewa zoyera m'kakhola ka waya, amazipatsa mayina, amazipsompsona, ndipo ina itafa anaiika m'kabokosi n'kuikwirira m'maluwa. Pakhonde ponse panagwa chiseko. Wina anati azungu ndalama zinawazunguza mitu, wina anafunsa ngati zoyerazo zimakoma kuposa kapuku. Ine ndinangofunsa kuti mwana amene anakwirirayo analira kodi, ndipo mdzukuluyo anati analira kwambiri. Ndinati asiyeni, simukudziwa chimene ankalira.

Mbewa sindinadyenso kuchokera chaka chimenecho. Malemu amuna anga anadandaula mpaka anatopa, ndipo kutchalitchi ena ankanong'onezana kuti ndine Msilamu wobisala. Mulipa anabwerera kumbewa zake mvula isanagwe, koma mpaka ukalamba wake akagwira kapuku ankayamba wamuyang'ana kumaso, ati kuopa kudya mng'ono wake. Lero basi ikaima pa Nkando anyamata n'kundibweretsera mpani wa mbewa pawindo, ndimawauza kuti pitani nazo, amenewo ndi abale anga. Amaseka, amati agogowa ndi ankhambakamwa, ndipo ine ndimawasiya aseke.

Amayi sanawolokenso Muloza. Anabereka ana ena atatu tsidya lino, onse anawatcha mayina, ndipo anamwalira ali nkhalamba yopanda dzino, m'nyumba yozira bwino. Maliro awo tinalira mokweza, mpaka anamva kutsidya.